Amene Anawoloka Chingwe Chofiira

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi chaka chimene pakamwa panga panaika ntchito ya bambo Nkhoma pachiswe. Tinali titakhala ku Bradford zaka zitatu, ine ndi mayi anga, m'kanyumba ka njerwa zakuda kolumikizana ndi nyumba za anthu ena mbali zonse ziwiri. Mayi anali namwino pa chipatala cha boma. Ankachoka m'mawa ine ndisanavale yunifolomu, n'kubwera madzulo mapazi atatupa, ndipo chimene ankaopa kwambiri chinali choti mwana wawo wamkazi azingoyendayenda m'misewu ndi ana amene makolo awo sakuwadziwa. Kunena zoona mantha awo anali ndi pogwira, chifukwa ine sindinali mwana wokhazikika. Kukhala pansi kunkandiyabwa.

Bambo Nkhoma tinkapemphera nawo tchalitchi chimodzi. Anali munthu wamfupi, wa imvi za m'mbali, wosalankhulalankhula, kwawo ku Thyolo. Ali mnyamata ankasamalira akavalo a mzungu wina pa esiteti ya tiyi, ndipo atabwera kuno anapeza ntchito yomweyo pa khola la akavalo limene linali kumapeto kwenikweni kwa mzinda, kumene basi imatembenukira, nyumba n'kutha, n'kuyamba mipanda ya miyala ndi nkhosa. Iwowo ndi amene anauza mayi kuti, "Mwanayu ali ndi mphamvu zosowa kopita. Muzindibwereka Loweruka, azikasesa ndowe." Ndinasesadi ndowe miyezi itatu yathunthu asanandilole kukwera. Atandilola anandikweza pa kavalo wamng'ono wokalamba, dzina lake Dolly, amene ankayenda ngati akuperekeza maliro. Pamsana pa Dolly ndi pamene ndinaphunzirira zonse: kukhala mowongoka, kugwira zingwe osakoka, kugwa n'kudzuka osalira.

Mwini khola anali mayi wina wamtali, wowonda, wa mawu osasa chifukwa cha fodya, dzina lawo a Pauline. Sanali munthu woipa. Akavalo ankawakonda kuposa anthu, ndipo sankabisa.

Matenda anagwa sabata imene tinkatsekera sukulu holide ya Pasaka. Kavalo wina anayamba kukana udzu, kenako mamina achikasu, kenako zotupa pansi pa nsagwada zazikulu ngati mazira. Dokotala wa ziweto atabwera ananena kuti ndi matenda opatsirana kwambiri, oyenda m'mamina ndi m'mafinya, ndipo amakwera pa chilichonse, kaya ndi ndowa, kaya ndi malaya, kaya ndi manja a munthu. Khola lonse linaikidwa pa m'bindikiro. Panalibe kavalo wotuluka kapena wolowa, ndipo ana onse ophunzira kukwera anauzidwa kuti akhale kwawo. Akavalo anayi odwala, mmodzi mwa iwo Dolly, anawasamutsira ku khola lakale la kumunsi, ndipo pakati pa bwalo anamangapo chingwe chofiira. Kutsidya kwa chingwe kunali kwa bambo Nkhoma okha, ndi ovololo yawo, majombo awo, ndi ndowa zawo zopakidwa penti yofiira. Mbali ino kunali mayi Pauline ndi antchito ena awiri. Ine anandilola kubwera tsiku lililonse chifukwa manja anali ochepa, komanso ndinalibe kwina kulikonse kumene ndikanakhudza kavalo.

Sindinaonepo malo akusintha msanga ngati mmene linasinthira khola lija. Anthu amene ankabwerekana makapu a tiyi anayamba kuyang'anana kumapazi. Ukangodutsa, maso onse ali pa majombo ako: kodi waviika m'beseni la mankhwala kapena wangolambalala? Foni inkalira tsiku lonse, eni akavalo akufunsa funso limodzi lomwelo, loti matendawa wabweretsa ndani. Wina ankati ndi wokonza ziboda, wina ankati ndi kavalo amene anapita ku mpikisano mwezi wathawo, wina ankati ndi galimoto yobweretsa udzu. Ngakhale basi, ine ndi bambo Nkhoma anatiletsa kukwera imodzi. Kale tinkakhala mpando umodzi tikudya mandasi a mayi Nkhoma, koma tsopano ine ndinkakwera yoyamba, iwo n'kutsala pa siteji akudikira yachiwiri. Mayi Pauline analeka kuseka. Ankaima pakhomo la ofesi, ndudu ili m'manja, n'kumatsatira ndi maso kulikonse kumene munthu waponda.

Ntchito yanga inali Jasper. Jasper anali kavalo wofiirira, wamng'ono msinkhu koma wamkulu thupi, wozolowera kuthamanga ku mapiri a kuseri kwa khola tsiku ndi tsiku. Tsopano dziko lake lonse linali kachipinda kake ndi kabwalo ka mchenga kotchingidwa ndi matabwa. Abale, nyama yamphamvu ikatsekeredwa imapenga. Ankamenya chitseko ndi ziboda, ankaluma matabwa, ndipo ukamutulutsa ankayenda cham'mbali, mchira uli m'mwamba, akumemesa kuti anzake onse amve.

Lamulo linali loti ndisamukwere asanaphwe. Ndinkayamba ndi kumumangirira chingwe chachitali, ine n'kuima pakati pa bwalo, iye n'kumandizungulira. Mphindi zoyambirira zinali nkhondo yeniyeni. Ankaponya miyendo yakumbuyo m'mwamba, mchenga n'kumandiwazikira kumaso, chingwe chikundiwotcha m'manja ngakhale nditavala magolovesi. Bambo Nkhoma ankabwera kudzaima kuseri kwa chingwe chofiira, patali ndithu, n'kumandiuza m'Chichewa: "Usalimbane naye, Tamanda. Mupatse chingwe atulutse zimene zili m'mutu mwakezo. Ukaona khutu lamkati lakutembenukira, ndiye kuti wayamba kukumvera." Ndipo zinkachitikadi. Pakapita kanthawi khutu lija linkatembenuka, khosi n'kutsika, n'kuyamba kutafuna mkamwa mopanda kanthu. Apo ndiye ndinkamuika chishalo.

Ngakhale atazungulira chotero, kukhala pamsana pake kunali ngati kukhala pa poto wowira wovundikira. Ndinkamumva akunjenjemera pansi panga. Pepala likauluka, iye wadumpha. Khwangwala akalira, iye wadumpha. Ndinaphunzira kumupatsa ntchito ya mutu: kuzungulira pang'ono, kusintha mbali, kuima, kubwerera m'mbuyo, kudutsa pa mitengo yogonekedwa pansi, kuti asapeze mpata woganiza zachipongwe. Tsiku loyamba anandigwetsa ndisanakhazikike n'komwe. Koma pofika kumapeto kwa sabata tinali titamvana, ndipo ndinkatsika mtima uli myaa. Pomaliza ndinkamupukuta thukuta kumaso ndi kuseri kwa makutu, iye n'kumandikhula ndi mphuno yake. Ndinkadziona kukhala munthu wofunika pakholapo, ndipo ndinene poyera kuti matama anandikwera.

Tsono panali chinthu chimene ndinkachita mobisa. Ine ndinakula ndikudziwa kuti wodwala amazondedwa. Lamlungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi, mayi ankandikoka kukwera mabasi awiri kukaona Mmalawi aliyense amene wagona, kaya kuchipatala kaya kunyumba, titanyamula nthochi ndi fulasiki ya phala. Ndikadandaula ankati, "Udzadwala iwe, udzamva mmene chitseko chosagogodedwa chimapwetekera." Ndiye kumva Dolly akutsokomola kumunsi kuja, kavalo amene anandinyamula ndili mbuli, ine osamuona ngakhale kamodzi, ndinaona kuti ndi nkhanza. Mumtima ndinkati malamulo amenewa anapanga anthu osadziwa chibale. Munthu wanji amene sazonda mnzake?

Khola la kumunsi linali ndi kawindo kumbuyo, koyang'ana ku mulu wa manyowa, ndipo kumeneko kunalibe chingwe. Ndinkapita ndi wilibala ngati ndikukataya ndowe, n'kutsetsereka kakanjira ka kuseri kwa mulu. Dolly ankatulutsa mutu, maso ali ofooka, mamina akuchucha. Ndinkamupatsa tizidutswa ta apulo, n'kumulankhula monga mayi ankalankhulira odwala: pepa, limba mtima, uchira. Ndipo popeza sungaone mamina pankhope ya wodwala n'kungowasiya, ndinkamupukuta. Ndinali ndi kachidutswa ka chitenje chakale cha mayi kamene kankakhala m'thumba la jekete yanga, ndipo kankagwira ntchito zonse. Ndikamupukuta Dolly ndinkakapinda bwinobwino, mbali yakuda mkati. Jasper ndinkamupukuta ndi mbali inayo. Ndikachoka kuwindo ndinkasamba m'manja mpaka m'zigongono, majombo n'kuviika m'mankhwala, ndikudzitama kuti mwana wa namwino ine, zaukhondo sangandiphunzitse munthu. Komanso chingwe chofiira sindinachiwoloke. Ndinkangochizungulira.

Ndinapita katatu. Tsiku lotsatira ndikutulutsa Jasper, bambo Nkhoma anandiitana ali kuseri kwa chingwe.

"Tamanda, Dolly wayamba kudya maapulo. Ndapeza zotsala pawindo. Koma ine sindinagulepo apulo."

Ndinawayankha m'Chingerezi, chimene ndinkachita ndikafuna kuzemba munthu wamkulu, kuti sindikudziwa kanthu. Anandiyang'ana n'kunena kuti:

"Matenda awa sazondana, mwanangu. Amene akumukonda Dolly amupempherere ali kutali."

Amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma ine khutu litatsinidwa ndinapsa mtima. Tsiku limenelo ndinamukwera Jasper asanaphwe, ndikukoka zingwe ngati ndiye wandilakwira. Ndinamva a Nkhoma akunena kuti ndimasule manja, koma ndinachita ngati sindinamve. Jasper analowetsa mutu pakati pa miyendo n'kundiponya, ndipo ndinadya mchenga weniweni. Nditadzuka ndinaona a Nkhoma atagwira chingwe chofiira ndi manja onse awiri, osatha kubwera. M'malo mothokoza kuti akundidera nkhawa, ndinangoti mumtima, aonerera, akondwa.

Kuwindo ndinasiya kupita, inde. Koma kuyambira pamenepo ndinayamba kuwasunga a Nkhoma mumtima. Akundilondalonda chifukwa chiyani? Iwowo ndi oyera chotani? Ndinayamba kuwayang'anitsitsa monga mmene aliyense ankayang'anira mnzake pakholapo, ndipo munthu ukamuyang'anitsitsa sulephera kumupeza ndi kanthu. Ndinaona kuti amayandikira kwambiri chingwe Jasper akamadutsa, n'kumamuimbira likhweru. Ndinaona kuti tsiku lina anavula golovesi n'kudzikanda pamphuno. Ndiye masana ena ndikubwera ndi wilibala ndinawaona ndi maso angawa ali kuseri kwa mulu wa manyowa, mbali yathu, atanyamula ndowa yofiira ndi bulashi, akuthira madzi pansi. Atandiona anangoima, kenako n'kubwerera kutsidya kwa chingwe. Mtima wanga unati, ehe, si awa. Olangiza anzawo ndi omwe akuyenda ndi ndowa yofiira kumene sikuyenera.

Patapita masiku ochepa, ndinafika m'mawa n'kupeza Jasper sakumenya chitseko. Anali ataima pakona, mutu uli pansi, udzu wadzulo uli momwemo. Kukhala chete kwakeko kunandiopsa kuposa misala yake yonse. Mayi Pauline anamuyeza kutentha kwa thupi, n'kutukwana mawu amene sindingalembe pano. Kudwala kwa Jasper kunatanthauza kuti matenda awoloka, ndipo m'bindikiro uyambiranso poyambira.

Anatiitana tonse pabwalo, ife mbali ino, a Nkhoma kutsidya kwa chingwe. "Matendawa alibe mapiko," anatero mayi Pauline. "Wina wawanyamula kuchokera uko kubwera kuno, ndipo ndikufuna kudziwa kuti ndani." Aliyense anayang'ana pansi. Ine kawindo kaja kanabwera m'maganizo, koma ndinakakankha msanga. Ndinasamba, ndinaviika majombo, komanso papita sabata yathunthu. Pamene ndowa yofiira ija ndinaiona ndi maso, dzuwa likuswa mtengo. Mayi Pauline atafika pa ine n'kufunsa ngati ndaonapo kanthu, pakamwa panatseguka pokha. Ndinati ndinawaona bambo Nkhoma kuseri kwa manyowa, mbali yathu, ali ndi ndowa yofiira.

Anawafunsa ngati zinali zoona. A Nkhoma sanayang'ane mayi Pauline, anayang'ana ine. Kenako anati inde, zinali zoona. Atafunsidwa chimene ankachita kumeneko, anati ankatsuka. Ankatsuka chiyani? Sanayankhe. Mayi Pauline anawauza kuti avule ovololo, apite kwawo, ndipo asabwere mpaka atawaitana, ngati adzawaitane n'komwe. Ndinawaona akusamba m'manja pa mpope pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi, n'kuvala chipewa chawo, n'kutuluka pa geti kulowera ku siteji ya basi. Anali atagwira ntchito pamenepo zaka zisanu ndi ziwiri.

Chimene chimandichititsa manyazi mpaka lero n'choti sindinadzimve ngati wabodza. Ndinadzimva ngati mboni. Antchito awiri aja anandiitana kuti ndikamwe nawo tiyi, chinthu chimene anali asanachitepo, n'kumandifunsa kuti ndinaonanso chiyani. Ndinawauza za golovesi, ndinawauza za likhweru. Mmodzi anapukusa mutu n'kunena kuti iye ankakayika kale, chifukwa anthu a kwawo kwa bambo aja zaukhondo sazitenga mozama. Analankhula ngati waiwala kuti kwawo kwa bambo ajako ndi kwathu. Tiyi uja anandiwawira m'kamwa, komabe ndinamaliza kapu yonse.

Kunyumba ndinawafotokozera mayi nkhani yonse mwamphamvu. Anamvetsera akusenda mbatata, n'kungoti, "A Nkhoma? Kaya." Koma masiku awiri otsatirawo ndinkawapeza akundiyang'ana ndikamadya, ndikamavula nsapato, ndikamatseka chitseko. Nawonso anali atayamba kukayika, ndipo amene ankamukayikira sanali a Nkhoma.

Loweruka mayi sanapite ku ntchito, ndipo masana anandiitana kukhitchini. Chiyambire m'bindikiro, zovala zanga za kukhola ankazichapa pazokha ndi madzi otentha kwambiri, monga ankachitira ndi yunifolomu yawo. Jekete yokha ndi imene inkangopukutidwa pamwamba. Tsiku limenelo anali ataitembenuza matumba. Kansalu kaja kanali patebulo, katatambasulidwa pa nyuzipepala, iwo atavala magolovesi otsukira mbale. Mbali imodzi kanali gwa, ndi zinthu zachikasu zouma.

"Khala pansi," anatero. "Ine ndagwira ntchito m'wodi iwe usanabadwe. Thukuta ndimalidziwa, ndipo ili si thukuta. Jasper wayamba mamina liti?"

Ndinati dzana.

"Izi zauma kalekale. Ndi za ndani?"

Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi nditalira, nkhani n'kuthera m'misozi. Anandifunsa mmene amafunsira odwala: unayambira kuti, unagwira chiyani, kenako unapita kuti, nsaluyi unaiika pati. Ndinkayankha limodzilimodzi, ndipo ndikuyankha chomwecho ndinkaona ndekha njira imene matenda anayenda, kuchokera pawindo, kulowa m'thumba langa, kukafika pankhope ya Jasper. Ndinayesa kunena kuti ndinkapinda. Ndinayesa kunena kuti kuzonda odwala anandiphunzitsa ndi iwo omwe. Pamenepo mpamene mawu awo anakwera pang'ono.

"Kuzonda ndinakuphunzitsa, eya. Za Dolly ndikanakukhululukira lero lomwe, unalakwa ndi mtima wabwino. Koma kuloza chala munthu wamkulu pagulu, iwe ukudziwa kumene unapita, zimenezo unaphunzira kwa ndani? Ndipo waganizapo kuti ankatsuka chiyani kuseri kwa manyowa kuja?"

Ndinali ndisanaganizepo. Zinandigwera nthawi yomweyo ngati madzi ozizira. Pamene ankathira madzi paja panali pa kanjira kamene ndinkadutsa ine pochokera kuwindo. Ankatsuka mapazi anga.

Tinakwera basi masana omwewo, mayi atavala za kutchalitchi, kansalu kali m'pepala la pulasitiki. M'njira yonse anandilankhula kamodzi kokha: "Tsamba likagwa manyazi agwira mtengo. Koma lero ulankhula wekha, ine ndingoima pambali." Ndinalankhuladi ndekha, pakhomo la ofesi, mawu akutuluka ngati a mwana wa zaka zisanu. Mayi Pauline anafiira nkhope yonse mpaka m'khosi. Sanandikalipire monga ndinkayembekezera. Anangoti ndisapondenso pakholapo mpaka chilimwe chitatha, n'kulowa kukaimba foni. Dokotala wa ziweto anadzanena pambuyo pake kuti palibe angatsimikize njira imene matendawo anadutsa, mwina inali nsalu, mwina china. Mawu amenewo sananditonthoze, chifukwa chimene ndinawachita a Nkhoma sichinkadalira zimenezo.

Kwa a Nkhoma tinapita Lamlungu. Tsiku limenelo kutchalitchi sanabwere. Mayi Nkhoma anatitsegulira, ndipo moni wawo anali wa pakamwa chabe. Ndinagwada pa kapeti pafupi ndi mpando wa bambo aja, n'kupepesa m'Chichewa, Chichewa changa chotsimphina cha nthawi imeneyo. Anandisiya ndigwade kanthawi ndithu.

"Dzuka, Tamanda," anatero. "Nditapeza maapulo aja ndinadziwa kuti ndiwe. Nanenso ndinalakwa. Ndinayenera kuwauza a Pauline tsiku lomwelo, koma ndinaopa kuti akuthamangitsa, ndiye ndinati ndingotsuka mwakachetechete. Pabwalo paja ndinakuyang'ana chifukwa ndinkadikira kuti ulankhula. Unalankhuladi, koma unalankhula zina."

Ndinalira, ndipo sanandiletse. Mayi anga nawonso sanandigwire paphewa. Anangokhala manja ali pamiyendo mpaka nditamaliza.

A Nkhoma anabwerera ku ntchito Lolemba. Jasper anadwala kwambiri kuposa onse, ndipo iwo ndi amene anamusamalira masabata atatu, kumuthowa chotupa ndi madzi ofunda mpaka chitaphulika, kumutsuka bala, kumunyowetsera chakudya kuti chimezeke. Ine nkhani zake ndinkangomvera kutchalitchi. Jasper anachira, Dolly nayenso anachira. Ndinkati basi, zatha bwino, ndipo ndinkangodikira kuti chilimwe chithe ndibwerere. Koma tsiku limene chingwe chofiira chinamasulidwa, a Nkhoma anapachika ovololo yawo n'kutsanzika. Mayi Pauline anawapepesa, anawachonderera, koma ayi ndithu. Anadzauza mayi anga kuti ndi mwana sanakwiye, mwana ndi mwana. Chimene chinawalowa m'fupa n'choti atagwira ntchito zaka zonsezo osasowetsa ngakhale msomali, anavulidwa ovololo pamaso pa anthu popanda wowaitanira pambali, ndipo kuyambira tsiku limenelo akanyamula ndowa ankamva maso kumsana. Anapeza ntchito ku Leeds, ku nyumba yosamalira okalamba, n'kusamuka ndi banja lawo chaka chisanathe.

Lero ndine mayi wa ana awiri, ndipo ndimagwira ntchito pamalo a anthu ambiri, kumene zinthu zimalakwika n'kumafunidwa wolakwa. Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti phunziro la chaka chija linali loti malamulo a matenda sazembedwa, ngakhale chifukwa cha chikondi. Limenelo ndi loona, koma ndi laling'ono. Chimene ndinadzazindikira mochedwa n'choti kukayikira mnzako kumabwera msanga, ndiponso kumakoma, pamene iwe mwini uli ndi chobisa. Sumafunikanso kunama. Umangosankha choona chimodzi n'kuchinena mokweza, choona chinacho n'kuchimeza. Masiku ano ndikamva kukoma kumeneko mumtima ndimadziopa, ndipo ndisanatchule dzina la munthu ndimayamba ndadzifunsa kumene ine ndaponda.

A Nkhoma ndimakumana nawo pa maukwati ndi pa maliro a Amalawi. Akalamba tsopano, amayenda ndi ndodo. Amandilandira bwino, ana anga amawatchula kuti zidzukulu zawo. Chaka chatha ndinalimba mtima n'kuwauza kuti pafupi ndi kwathu pali khola, mwini wake ndi mnzanga, tsiku lina ndidzawatenge pa galimoto akaone akavalo. Anaseka pang'ono n'kuyang'ana manja awo.

"Zikomo, mwanangu," anatero. "Koma chichokereni kuja sindinagwireponso kavalo. Zisiye zikhale choncho."

Kukhululuka anandikhululukira kalekale, ndikudziwa. Koma chimene ndinawalanda sichinabwerere.